Kugona m'chipinda cha mfumu ku Thornbury Castle: dziwani izi musanalipire

Mayi wina wokhala ku Bristol watitumizira imelo. Iwo ndi amuna awo akukwanitsa zaka 20 ali pa banja, ndipo akufuna kukagona ku Thornbury Castle, nyumba yakale ya malinga pafupi ndi Bristol ku England yomwe pano ndi hotela, m'chipinda chotchedwa Henry VIII Suite, dzina la mfumu yakale ya dzikolo. Akufunsa ngati bedi ndi mipando zili zenizeni za mfumuyo, komanso zomwe zingachitike atawononga kanthu.

Mayi, nyumbayo ndi yeniyeni. Edward Stafford, Duke wa ku Buckingham (mmodzi wa akuluakulu a mu ufumuwo), anayamba kuimanga mu 1511 koma sanaimalize, chifukwa Henry VIII anamuimba mlandu woukira ufumu, namudulitsa mutu mu 1521, n'kulanda nyumbayo. Mu 1535 mfumuyo inakhalamo masiku 10 ndi mkazi wake Anne Boleyn. Pambuyo pake mbali yaikulu inasanduka bwinja mpaka mbali ina anaikonzanso m'zaka za m'ma 1850. Choncho bedi lomwe mukagonepo si la Henry. Ndalama zanu zikupita pa makoma ndi mbiri ya chipindacho. M'mahotela otere katundu amakhala wosakaniza: wina ndi wakaledi, wina anangopangidwa mofanizira, ndipo matiresi ndi amakono.

Musanalipire, afunseni a kuhotelako za masitepe. Ambiri ndi amwala, opapatiza ndiponso ozungulira, ndipo chipinda cha pamwamba pa nsanja, chotchedwa Catherine of Aragon, chimafuna kukwera masitepe oposa 70. Ngati bambo amadandaula mawondo, sankhani chapansi. Tengani zikwama ziwiri zazing'ono m'malo mwa sutikesi imodzi yaikulu. Funsaninso kukula kwa bedi: double ya ku Britain ndi masentimita 135 m'lifupi ndi 190 m'litali, pamene king ndi 150 ndi 200.

Tsono za kuwononga, pomwe pagona nkhani. Matebulo akale ambiri anapakidwa polishi ya shellac, yomwe siigwirizana ndi kutentha, madzi ndi mowa. Kapu ya tiyi wotentha ikaikidwa pathabwa popanda sosala imasiya mkombero woyera, chifukwa chinyezi chimalowa m'polishimo n'kutsekeredwa. Pafyumu ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo ndiye zoopsa kwambiri, zimasungunula polishiyo nthawi yomweyo. Zodzoladzola zonse zikhale ku bafa. Madzi akatayikira, ikanipo nsalu youma kuti iyamwe, osapukuta mokhula, kenako uzani a ku resepushoni usiku womwewo. Osayesa kukonza nokha ndi sopo kapena mafuta odzola, banga laling'ono limakula.

Madirowa akale alibe njanji zachitsulo, thabwa limangoyenda pa thabwa linzake. Gwirani zogwirira zonse ziwiri n'kukoka mowongoka. Mukakoka mbali imodzi dirowa imapendekeka n'kukakamira, ndipo mukalimbana nayo chogwirira chimazuka. Mpando musaukhwekhwereze kapena kuunyamula pogwira chotsamira, nyamulani pogwira pansi pa pokhalira, poti guluu wa m'mfundo zake anauma kalekale. Thaulo lonyowa lisapachikidwe pampando kapena pa mizati ya bedi. Makatani a bedi lamizati inayi nthawi zambiri ndi okongoletsera chabe, asiyeni mmene alili.

Mukangolowa, jambulani ndi foni paliponse pamene pali pokalika, pong'ambika kapena banga, zikwama zisanatsegulidwe. Mahotela ambiri amagwira kaye ndalama ina pa khadi lanu la kubanki ngati chikole, ndiye funsani kuchuluka kwake ndi tsiku lomwe adzaimasule. Kutha kwa katundu chifukwa cha ukalamba si mlandu wanu, koma popanda chithunzi mudzavutika kutsutsa.

Makoma amwala amachedwa kufunda, choncho juzi musaisiye ngakhale ndi mu June, nyengo yotentha ku Britain. Masoketi m'nyumba zakale amakhala ochepa ndipo ena amabisika kuseri kwa mipando yolemera, ndiye tengani chingwe chachitali cha tchaja m'malo mosuntha kabati. Kandulo zokometsera chikondi zisiyeni kunyumba: pafupi ndi makatani ndi matabwa akale moto sauchedwa, ndipo alamu ya utsi ikalira onse ogona mmenemo amatulutsidwa panja.