Kodi n'koyenera kulemekeza Bambo Boucher pa nkhani ya gule wamkulu?

Funso: Ndinapita ndi ana a sukulu ku Mua ndipo tinaona zithunzi za gule wamkulu zimene anajambula pamanja Bambo Claude Boucher. Anzanga ena akuti si bwino kutamanda wansembe wochokera kunja pa mwambo umene eni ake ndi Achewa. Kodi inu mukuti bwanji? Ndine mphunzitsi wa ku Salima.

Yankho: Aphunzitsi, nkhawa ya anzanuwo ili ndi maziko, chifukwa m'zaka za m'ma 1920 ansembe a ku Mua komweko ankalimbana kwambiri ndi anthu a kudambwe, moti Mchewa ali ndi chifukwa chofunsira akaona wansembe atagwira chigoba cha gule. Komabe ife tikuona kuti ulemuwo ndi woyenera.

Bambo Boucher, amene anabadwira ku Canada, anafika m'Malawi mu 1967, ndipo mu 1976 anakhazikitsa KuNgoni Centre of Culture and Art ku Mua, m'boma la Dedza. Anaphunzira Chichewa, nakhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi kwa zaka zambiri, kufikira atapatsidwa mfunda wa Chisale, chinthu chimene sapatsidwa munthu wongodutsa.

Phindu la ntchito yawo limaoneka tikaganizira mmene zilombo zimapangidwira. Kasiyamaliro amalukidwa ndi udzu ndi makoko a chimanga, ndipo mwa mwambo amatenthedwa ntchito yake ikatha. Chigoba cha mtengo chimadyedwa ndi chiswe, nthenga zimathothoka, utoto umasuluka. Wojambula akalemba nkhope yofiira ya Simoni kapena ukalamba wa Chadzunda, n'kusunganso nyimbo yake ndi mwambo umene gule ameneyo amalangiza, mdzukulu amene anakulira m'tauni amapeza poyambira kufunsa. Pamene bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linkazindikira gule wamkulu mu 2005 monga chuma cha dziko lonse lapansi, n'kuti ntchito yosonkhanitsa zimenezi ku Mua itachitika kale kwa zaka zochuluka, ndipo m'nyumba ya Chamare, yosungiramo zinthu za chikhalidwe ku KuNgoni, muli zigoba mazana angapo, pamodzi ndi za miyambo ya Angoni ndi Ayao.

Pamene anzanuwo akunena zoona mpakuti dzina limodzi lisaphimbe ena onse. Osema ziboliboli amene anaphunzira ndi kugwira ntchito ku KuNgoni, mafumu amene analola, ndi akuluakulu amene anafotokoza tanthauzo la gule aliyense, ayenera kutchulidwa nawo limodzi. Mukadzapitanso ndi ana, apempheni owonetsa alendo kuti akuuzeni amene anasema chinthu chilichonse ndi mudzi umene chinachokera, ndipo anawo alembe mayinawo m'makope awo.