Funsani makaniko: Hilux yanga ikugwedezeka pothimitsa

Funso: Amakaniko, ndili ndi Hilux ya dizilo ya D-4D, mphamvu yatheratu moti pachitunda imachita kukwawa, utsi wakuda bii, ndiye ndikathimitsa injini imagwedezeka zoopsa. Anzanga akuti ndi ma injector koma mtengo wakewo eeh. Nditani? Wowerenga wa ku Dedza

Yankho: Achimwene musathamangire ma injector kaye. Kugwedezeka pothimitsako kukuloza ku valavu ya mpweya, ija ili mu throttle body mpweya usanalowe mu manifold (mapaipi ogawa mpweya mu injini). Pa dizilo nthawi zambiri imakhala yotsegula, imangotseka pang'ono kuti EGR (chipangizo chobwezera utsi wina mu injini) ikoke utsi, ndiye mukathimitsa imatsekeratu kuti injini izime bwinobwino osanjenjemera.

Vuto lake utsi wa EGR uja ukakumana ndi nthunzi ya oilo zimapanga phala lakuda lomata ngati phula, valavu imakanirira pakati, mpweya umachepa, dizilo sapsa yense, nchifukwa chake utsiwo.

Chotsani paipi ya labala yochoka ku intercooler (choziziritsa mpweya wolowa mu injini), wina alize injini kenako athimitse inu mukuyang'ana valavuyo, zala kutali chonde. Ikuyenera kutseka msanga. Ikapanda kusuntha kapena ikungolira tchetchetche, onani pulagi ndi mawaya kaye, kenako imasuleni muitsuke ndi carb cleaner pamodzi ndi EGR yomwe. Ikakanabe ndiye kuti mota yake kapena timagiya tam'kati tatha, pamenepo nkugula ina basi. Galimotoyo muiikenso pa kompyuta awerenge ma code, MAF sensor (yoyeza mpweya wolowa mu injini) yakuda imaphanso mphamvu chimodzimodzi.