Kangaude wa m'mphako ya mombo

Achimwene ena a ku Malindi andilembera imelo. Akuti apeza kangaude wamkulu waubweya pansi pa mulu wa nkhuni, ndiye mwana wawo wawaonetsa pa Facebook wina wabuluu amene anthu akunja amagula modula. Akufunsa ngati ndi yemweyo, komanso ngati angamugwire n'kumugulitsa.

Achimwene, mwandikhudza pachilonda.

Ndili mnyamata ndinkakwera ku Namizimu ndi amalume kukadula nkhuni zogulitsa kwa owamba nsomba m'madoko. Tinkalawirira tambala woyamba, nkhwangwa paphewa, mbatata yootcha m'thumba. Tsiku lina tinagwetsa mombo wakalekale wokhala ndi mphako m'munsi. Utagwa, mphakoyo inang'ambika, m'kati monse muli mbuu ndi ulusi wokhuthala ngati thonje. Munatuluka kangaude wofiirira, wodzaza chikhatho. Sanathawe ayi. Anaimika miyendo yakutsogolo, mano akuda ali poyera, kutidikira. Amalume anamuphwanya ndi mpini. Posanja nkhuni m'pamene ndinaona kathumba koyera kodzaza mazira katamatirira m'mphakomo, ndipo ndinakasenza pamodzi ndi mtolo mpaka kunyanja. Usipa wa tsiku limenelo unawambidwa ndi nyumba yake komanso ana ake. Zaka zonsezi chithunzicho sichinandichoke m'maso.

Wabuluu amene mwaonayo ndi wa ku India, dzina lake la sayansi ndi Poecilotheria metallica. Analembedwa koyamba m'chaka cha 1899 atapezeka m'tauni ya Gooty, koma kwawo kwenikweni ndi kankhalango ka m'chigawo cha Andhra Pradesh kosakwana masikweya kilomita 100. Amakhala m'mphako za mitengo italiitali, n'kumatuluka usiku kugwira tizilombo touluka. Wamkazi amatha zaka 11 kapena 12, wamwamuna zitatu kapena zinayi basi. Bungwe la IUCN, loona za kasamalidwe ka chilengedwe padziko lonse, linamuika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'onong'ono kutheratu, ndipo mu 2019 mayiko a m'pangano la CITES, loyendetsa malonda a zamoyo zakutchire pakati pa mayiko, anagwirizana kuti akangaude onse a mtundu wa Poecilotheria asamadutse malire popanda chilolezo.

Ambiri amaloza chala ogulitsa okha. Inde ali ndi mlandu, koma chimene chikumumaliza kwambiri ndi nkhwangwa: nkhuni ndi matabwa. N'chifukwa chake ndikamawerenga za nkhalango ya ku India ija ndimangoona Namizimu ndi Phirilongwe. Kangaude wotere safuna kamtengo kodzalidwa chaka chatha, amafuna mtengo wokalamba umene unabooka wokha. Tikamadzala mbande m'nyengo ya dzinja n'kumaomba m'manja, tizidziwa kuti mphako sidzalidwa.

Ndipo mnyamata wokankha njinga ya makala kuchokera kuphiri sindimuda, poti ndinali ngati iyeyo. Amene amandipweteka mtima ndi ife okhala pa boma, amalipiro athu, amene timamunenerera mtengo mpaka atsitse, mawa n'kumadandaula kuti mapiri ayera. Onjezani mauvuni a njerwa amene akufuka mudzi uliwonse. Nkhalango ya Mangochi inapeza mpumulo pomwe bungwe losamalira nkhalango la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2018, kuwonjezera pa Liwonde imene linkayang'anira kale, koma nanga mapiri enawa adzawalondera ndani?

Tsono yankho lanu

Si yemweyo. Wanuyo ndi mmodzi mwa akangaude akuluakulu a kuno ku Africa, okhala m'mauna ndi m'makungwa, odya mphemvu, ziwala ndi nkhululu. Akaluma zimawawa koopsa ndipo pamatupa, choncho musamugwire ndi manja. Wina akalumidwa, tsukani ndi sopo mupite naye kuchipatala. Zogulitsa ziiwaleni, kutulutsa zamoyo zakutchire m'dziko muno popanda chilolezo cha boma ndi mlandu. Mukankhireni m'chidebe ndi tsache, mukamusiye patsinde pa mtengo waukulu kutali ndi khomo, ndipo mwana wanu uja apite nawo akaone.