Kodi ku Dziwe la Nkhalamba n'kopita ndi ana m'dzinja?

Mayi wina wa ku Blantyre wandilembera imelo kufunsa ngati angathe kupita ndi ana ake kukaona mathithi a Dziwe la Nkhalamba ku Mulanje n'kubwerera tsiku lomwelo, ndipo akuti akufuna mwezi wa Januwale, madzi ali ambiri, kuti anawo akasambire bwino. Mayi, mawu anu otsirizawo ndi amene andisowetsa mtendere.

Ndinapitako ndi achinyamata a mpingo wathu m'mwezi wa Julayi, nthawi imene mtsinje wa Likhubula umakhala utaphwerako. Pagulupo panali mnyamata amene njira yonse ankadzitama kuti anakulira ku Mangochi ndipo madzi samuopsa. Titangofika anavula malaya n'kudumphira m'dziwemo, wotilondolera asanamalize n'kulankhula komwe. Madzi ochokera m'phiri ndi ozizira moti amabanikitsa, ndipo tinangoona mnyamata uja atayasama, mawu osatuluka, zala zikukanda thanthwe la ndere limene silinkagwirika. Wotilondolera uja anagona chafufumimba pamwala, n'kumuponyera chitenje chimene anatsomphola m'manja mwa mtsikana wina, ndipo anamukokera kumtunda milomo itachita bii. Pobwerera sanatchulenso za Mangochi.

Anthu a m'derali amanena kuti kale pamalopo pankaoneka nkhalamba, ndipo makolo ankathirapo nsembe. Ena amati mizimu ndiyo imakoka anthu amwano. Ine sinditsutsana nawo, chifukwa mu 2025 bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe padziko lonse, linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse makamaka chifukwa cha chikhalidwe ndi zikhulupiriro za anthu ake. Koma ngakhale munthu wosakhulupirira mizimu ayenera kudziwa kuti dziwelo ndi lakuya, kuti pamene mathithi akugwera madzi amazungulira n'kukankhira munthu pansi, ndiponso kuti anthu amirapo kale.

Za mnyamata uja zinachitika m'chisanu. M'dzinja mvula imatha kugwa pamwamba, cha ku Sapitwa kumene phiri limafika mamita 3,002, pansi dzuwa likuswa mtengo, ndipo madzi amatsika mwadzidzidzi atanyamula miyala ndi zipika. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa mphamvu ya mitsinje ya m'phirimo. Choncho ndikunena mosapsatira kuti kupita ndi ana kukasambira kumeneko mu Januwale n'kuika moyo wawo pachiswe.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi khalidwe lathu anthu a m'tauni. Timafika ndi zakumwa zodzaza m'galimoto, koma wolondolera akatchula mtengo wake timayamba kunenerera ngati tikugula tomato, n'kumati zimenezo n'za azungu, ife kuno n'kwathu. Kwanu n'kumene mumadziwa mwala woterera ndi maonekedwe a mtambo wobweretsa mvula, ndipo anyamata a ku Likhubula amene amakwera phirilo tsiku ndi tsiku ndi okhawo amene angakuuzeni kuti lero musayandikire. Tikamachoka timasiyanso mabotolo osweka ndi majumbo m'mphepete mwa mtsinje, kuiwala kuti ena mwa madzi a m'mipopi ya ku Blantyre amatengedwa mu Likhubula momwemo.

Tsono ulendowo muukonze chotani?

Tsiku limodzi ndi lokwanira, koma dikirani mpaka Meyi kapena Juni, madzi akadali okongola koma atachepa ukali. Nyamukani ku Limbe m'mamawa, kudzera ku Thyolo m'minda ya tiyi kapena msewu wa Midima, mukatsike pa Chitakale, pamene mudzakwere galimoto ina kapena njinga yamoto yopita ku Likhubula pamsewu wa ku Phalombe. Mukafike kaye ku ofesi ya zankhalango, mukapeze wolondolera ndi kugwirizana naye mtengo musanayambe. Kukwera kumatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo ndi ana kumaposa pamenepo. Avale nsapato zogwira, osati masilipasi, mutenge kamba ndi majuzi, ndipo ngati akulimbikira zolowa m'madzi, angoviika miyendo pamene wolondolera wakusonyezani. Muyambe kutsika isanakwane 2 koloko masana kuti mdima usakupezeni pa Chitakale mukudikira minibasi.