Tifunseni za Kamera: Chalowa mu Lenzi Yanga N'chiyani?

FUNSO: Akuluakulu, ine ndimajambula zinkhoswe ndi maukwati kuno ku Kasungu. Ndili ndi lenzi yakale ya Helios 44-2 imene ndimamangira pa kamera ya digito ndi adapita. Dzinja lapitali mwatuluka tinthu toyera tonga ulusi wa kangaude m'mphepete mwa galasi, ndipo zithunzi zikutuwa ndikajambula moyang'ana kudzuwa. Ndapukuta kunja koma sizikuchoka. Nditani? Wojambula, Kasungu

YANKHO: Achimwene, chimenecho ndi chuku, koma musanagwire sikuludiraiva tsimikizani kaye. Chotsani lenziyo pa kamera, tsegulani aperture (kabowo kolowetsa kuwala) yonse, lowani m'chipinda chamdima, muwalitse tochi ya foni kumbuyo mopendeketsa inu mukusuzumira kutsogolo. Chuku chimatambalala ngati timizu, kawirikawiri kuyambira m'mphepete. Chifunga chotuwa mofanana galasi lonse ndi nthunzi ya girizi wakale. Mitundu ya utawaleza m'mbali ndiye kuti magalasi awiri omatidwa pamodzi ayamba kumatuka. Timadontho ta fumbi tisakudetseni nkhawa, sitioneka pachithunzi ndipo si chifukwa chotsegulira lenzi.

Chuku chimamera chinyontho cha mumpweya chikapitirira 70 peresenti kwa masiku angapo, pamalo amdima popanda mphepo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, kathumba kachikopa kali m'sutikesi kunsi kwa bedi kamakwanitsa zonsezo. Chimadya fumbi ndi mafuta a zala, ndipo chimatulutsa asidi amene amakokota coating, utoto wopyapyala wa pagalasi uja. Mukachedwa, chukucho chichoka koma zipsera zake zikhala mpaka kale.

Helios si yovuta kumasula. Mufunika sipanala ya lenzi ya mano awiri, labala womasulira mphete, chopopera mpweya, thonje loyera, hydrogen peroxide wa 3 peresenti wa ku famase ndi isopropyl alcohol. Yalani nsalu yoyera patebulo. Galasi lililonse likatuluka, lembani kamuvi ndi pensulo m'mbali mwake kosonyeza kutsogolo, ndipo jambulani ndi foni pa sitepe iliyonse. Galasi limodzi likangobwerera chagada, m'mphepete mwa chithunzi monse mumachita mbuu.

Yambani n'kupopera fumbi, chifukwa kamchenga kamodzi pansi pa thonje kamakanda galasi. Kenako nyowetsani chukucho ndi peroxide kwa mphindi zochepa. Amisiri ambiri amasakaniza ndi ammonia theka ndi theka, koma akasowa, peroxide yekha amagwira. Pukutani mopepuka kuchokera pakati kupita kumphepete, thonje lililonse kamodzi basi, n'kumaliza ndi alcohol. Tsukaninso zitsulo zimene galasi limakhalapo, apo ayi chimeranso. Spiriti wofiirira wa m'magolosale uja musayerekeze, amasiya utoto. Parafini nayenso musayerekeze.

Chenjezo: Helios ili ndi magalasi 6 m'magulu anayi, awiri mwa maguluwo ndi omata. Omatawo musawaviike, madzi amalowa m'guluu. Chuku chikakhala pakati pa magalasi omatawo, thonje silifikapo, ndipo kuwamatula n'kuwamatanso ndi ntchito yodula kuposa mtengo wa lenziyo. Ingoigwiritsani ntchito choncho ngati pakati pali poyera.

Posunga, pezani kontena ya pulasitiki yotseka bwino, makamaka yoonekera mkati, muikemo silica gel, timapaketi tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Tiwiri sitikwana, sonkhanitsani todzaza m'manja. Tikanyowa sitigwiranso ntchito. Khuthulirani timibuluto m'mbale yachitsulo muumitse mu uvuni pa madigiri 120 kwa ola limodzi kapena awiri. Chinyontho cha m'kontenamo chizikhala pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Mukanyowa kuukwati, lenzi iume kaye pamtetete isanalowemo.

FUNSO: Timasamba ta aperture pa lenzi yanga tikunyezimira ngati tanyowa, ndipo tikuchedwa kutseka moti zithunzi zikuwala mopitirira. Ndidonthezemo mafuta a makina osokera? Mayi wojambula, Mchinji

YANKHO: Ayi mayi, mafuta ndiye vuto lenilenilo. Timasambato timafunika kukhala touma gwaa. Amene mukuwaonawo achokera ku girizi wa mazinga a focus, aja mumazunguliza kuti chithunzi chioneke bwino: akakalamba, kapena lenzi ikatsekeredwa m'galimoto dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, amasungunuka n'kuyenderera. Chotsani gulu la magalasi akutsogolo kapena akumbuyo, viikani thonje lapakamtengo mu naphtha, mafuta a laita aja, mukhudze timasambato mosakanikiza uku mukutsegula ndi kutseka, mpaka thonje lizituluka loyera. Ntchitoyi ichitikire kutali ndi mbaula kapena kandulo.

Kunena zoona, apa mwangogula nthawi. Girizi wakaleyo akapanda kuchotsedwa, mafuta abweranso. Pomasula mazingawo kandani chizindikiro pamene alekanirana, chifukwa ali ndi polowera pangapo ndipo mukaphonya, zakutali sizidzaonekanso bwino. Pakanimo girizi wa malenzi pang'ono pokha, osati Vaseline kapena wa njinga.

FUNSO: Malume anandisiyira lenzi ya Super-Takumar 50mm f/1.4. Galasi lake ndi lachikasu. Ndi litsiro? Mnyamata wa ku Kamwendo, Mchinji

YANKHO: Si litsiro, mphwanga, ndipo ungapukute chotani sichichoka. Malenzi ambiri a mtundu umenewu, amene kampani ya Asahi inkapanga m'zaka za m'ma 1960, ali ndi thorium (chitsulo chotulutsa cheza) m'galasi lakumbuyo, ndipo cheza chake chochepacho chimasintha mtundu wa galasi pakapita zaka. Mankhwala ake ndi kuwala kwa UV, kosaoneka ndi maso, kochokera kudzuwa. Chotsa zivindikiro, kulunga lenziyo ndi foilo kusiya kumbuyo kokha, uyike pomwe dzuwa lam'mawa lifika kwa masabata angapo, ndipo uziichotsa kukayamba kutentha kuti girizi asasungunuke. Pawindo lotseka zimachedwa, poti galasi la windo limatchinga mbali ina ya UV. Kujambulira ilibe vuto, koma galasilo usalipale kapena kuliphwanya, fumbi lake ndi loopsa ukalipuma.