Musanagule gearbox ina, yesani clutch kaye

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga bwino. Mwati Toyota 86 yanu ya 2013, yomwe munagula kwa ogulitsa magalimoto miyezi iwiri yapitayo, ikukana kulowa giya 1 ndi reverse mukaima pa maloboti, giya 2 ikumalira kuti khrrr makamaka m'mawa, ndipo makaniko wina wati gearbox yatha, musake ina. Chonde ndalamayo isatuluke kaye m'thumba. Ine ntchito yanga ndi yomweyi ya magalimoto kuno ku Joni, ndipo mmene mwafotokozeramu ndikukayikira clutch kuposa gearbox.

Mukaponda clutch, injini imayenera kulekana kotheratu ndi gearbox kuti shafti yolowa m'gearbox ileke kuzungulira. Zikapanda kulekana bwino, shaftiyo imazungulirabe pang'ono ngakhale phazi lafika pansi, ndiye giya yomwe mukulowetsa galimoto ili chiimire imakana. N'chifukwa chake giya 1 ndi reverse ndi zomwe zimayamba kuvuta. Synchro, timphete ta m'gearbox tomwe timalinganiza liwiro la magiya kuti alowe osalira, ikatha zimaoneka mwina: vuto limakhala pa giya imodzi kapena ziwiri, ndipo limabwera galimoto ikuyenda, makamaka mukasintha mwachangu injini ili pamwamba. Inu mwatchula magiya atatu, awiri mwa iwo galimoto itaima. Amene wakuuzani za gearbox uja anayenera kuyamba wafunsa zimenezi.

Pali zoyesa zomwe mungachite nokha lero pabwalo, popanda sipanala. Injini ili chizimire, pondani clutch ndi kulowetsa giya iliyonse payokha. Onse akalowa mofewa, ndodo ya giya ndi zolumikizira zake zilibe mlandu. Kenako lizani injini, pondani mpaka pansi, dikirani masekondi angapo, muyese giya 1. Ikakana pomwe inalowa bwino injini itazima, clutch yanu sikulekanitsa. Tsopano pondani ndi kusiya mwachangu kangapo ngati mukupopa, muyesenso. Zikafewa, vuto lili m'njira ya mafuta a clutch: mwina mwalowa mpweya, mwina master cylinder (kapampu ka kuchopondera) kapena slave cylinder (komwe kamakankha clutch ku gearbox) yayamba kutaya mphamvu. Chinanso, pamalo athyathyathya opanda munthu kapena khoma kutsogolo, lowetsani giya 1, phazi likhale pansi pa clutch, masulani handbrake, mukweze injini pang'ono. Galimoto ikayamba kukwawa, yankho mwalipeza.

Suzumiraninso pansi pa chopondera. Kapeti yokhuthala kapena yopindika imatha kuletsa clutch kufika pansi, ndipo ndaonapo anthu akuda nkhawa ndi gearbox chifukwa cha kapeti basi. Gwirani pamwamba pa choponderacho pomwe chimalowa m'thupi la galimoto, muone ngati pali chinyezi cha mafuta, kenako tsegulani boneti muone kabotolo ka mafuta a clutch. Ndi mafuta omwewo a mabuleki, DOT 3 kapena DOT 4, ndipo amayamwa chinyezi pakapita nthawi. Opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa zaka ziwiri zilizonse, koma a clutch amaiwalika mpaka kuda bii.

Mukafika apa imani, musalole munthu aliyense amasule kanthu, ngakhale kusintha oyilo. Mwati munagula kwa ogulitsa magalimoto, osati kwa munthu wamba, ndipo papita miyezi iwiri yokha. Lamulo la dziko lino la Consumer Protection Act la 2008, pa gawo 56, limakupatsani miyezi isanu ndi umodzi kuchokera tsiku lomwe munalandira galimoto. Chinthu chikapezeka ndi vuto m'nthawi imeneyi, wogula ndiye amasankha kuti chikonzedwe, chisinthidwe kapena abwezeredwe ndalama. Mawu aja akuti voetstoots, kutanthauza kugulitsa chinthu mmene chiliri, amagwira ntchito mukagula kwa munthu wamba, koma wabizinesi sangabisale kumbuyo kwa mawuwo pa vuto lomwe sanakuuzeni pogulitsa. Koma makaniko wanu akangotsegula, ogulitsawo apeza ponamizira kuti mwawononga ndi inu. Jambulani kanema wa vutolo, jambulani makilomita pa dashboard, muwalembere uthenga pa email kapena WhatsApp wokhala ndi tsiku. Pakamwa pokha ayi. Adzayesa kunena kuti clutch ndi chinthu chotha ndi kuyendetsa, ndiye umboni woti vuto layamba mutangoyenda makilomita ochepa ndi umene udzakuyankhulireni. Akakana, dandaulo limapita kwa Motor Industry Ombudsman of South Africa, ndipo wogula salipira kanthu popereka dandaulolo.

Izi ndikuzinena motsindika chifukwa ambiri mwa ife timachita mantha kudandaula poti ndife obwera. Timangoti bola mtendere, n'kulipira tokha zinthu zomwe si zathu kulipira. Lamuloli limateteza wogula, silifunsa kuti kwanu ndi ku Mangochi kapena ku Soweto. Komanso satifiketi ya roadworthy isakupusitseni: imaona mabuleki, matayala, magetsi ndi zina za chitetezo, siitsimikizira kuti clutch kapena gearbox ili bwino.

Galimoto ikafika ku galaji, kaya ya ogulitsawo kaya ina yomwe mwagwirizana, pemphani kuti ayambire pa zotchipa. Achotse mpweya ndi kusintha mafuta a clutch, aone master ndi slave. Ubwino wa 86 ndi woti slave cylinder yake ili kunja kwa gearbox, ndiye amasintha popanda kutsitsa gearbox yonse.

Za giya 2 ya m'mawa ija, eni 86 ambiri amazidziwa. Galimotoyi inafika kuno mu 2012 ndi gearbox ya magiya 6, ndipo kuuma kwa giya 2 kukazizira ndi dandaulo lakale. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo m'mawa wa June ndi July kumatha kugwa chisanu mpaka udzu kuyera. Oyilo wa m'gearbox amalimba ngati uchi wa m'nyengo yozizira, ndiye synchro imachedwa kugwira. Ngati mukayenda mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu giyayo imafewa, oyilo ndiye woyamba kusintha. Amalowa malita awiri ndi pang'ono, wa 75W-90, koma apa m'pamene magalaji ena amalakwitsa. Oyilo wa diff, bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala akumbuyo, ndi wa mtundu wa GL-5, wokhala ndi sulphur ndi phosphorus wambiri woteteza mano a diff, ndipo ena amangotunga m'chigubu chomwecho n'kuthiranso m'gearbox. Mphete za synchro zimafunika kukwecha pang'ono kuti zilinganize liwiro la magiya, ndipo oyilo wolakwika amazisokoneza. Athire amene buku la galimoto lanena, kapena wolembedwa kuti ndi wa gearbox ya synchro, ndipo muone botolo lake ndi maso anu.

Pokhetsa oyilo wakale muimirire pomwepo. Phala lotuwa lopyapyala pa maginito a pulagi ndi labwinobwino. Tinthu tonyezimira ngati golide m'oyilomo ndi mkuwa wa synchro ukutha. Tizidutswa ta chitsulo tomwe mungatigwire ndi zala, apo ndiye nkhani ya gearbox yayambadi.

Synchro ya giya 2 mungaiyesenso pamsewu wopanda magalimoto ambiri. Muli pa giya 3, pondani clutch, ikani neutral, siyani clutch, gundani mafuta pang'ono, pondaninso n'kulowetsa 2. Ikalowa mwakachetechete chonchi koma n'kumalira mukasintha mwanthawi zonse, synchro yatha. Ngakhale zitatero, katswiri wa magiya amatha kutsegula n'kusintha mphete ndi sleeve yake. Gearbox ya ku scrapyard ine sindiikonda pa galimoto yotereyi. 86 siigulidwa ndi anthu oyenda pang'onopang'ono. Zambiri zinathamangitsidwa pa bwalo la mipikisano la Zwartkops kapena kuzunguliritsidwa mpaka matayala kufuka, ndipo yomwe mukagule ija mwina inavutika kuposa yanuyi. Mukakakamizika kugula yakale, pakhale chitsimikizo cholembedwa.

Zikapezeka kuti vuto lili m'kati mwa clutch, gearbox iyenera kutsika, ndipo ndalama yambiri imapita pa ntchito yotsitsayo. Choncho asinthiretu zonse kamodzi: clutch plate, pressure plate, release bearing ndi pilot bearing, aonenso fork ndi nkhope ya flywheel. Release bearing ya 86 zoyambirira imadziwika kuti imatha msanga, ndiye ngati mumamva kulira kwa tswii mukayamba kuponda, auzeni. Lamulo lomwe lija, pa gawo 57, limapereka chitsimikizo cha miyezi itatu pa zipangizo ndi ntchito yokonza, bola musunge invoice.

Pakadali pano musakakamize ndodo ya giya. Kulira kulikonse kwa khrrr ndi mano akudyeka, ndipo clutch yosalekanitsa ikasiyidwa imapha synchro zomwe zinali zabwino. Mwina n'zomwe zayamba kale pa giya 2 yanu. Giya 1 ikakana, bwererani ku neutral, siyani clutch, pondaninso, lowetsani kaye giya 2 kenako 1. Reverse nayonso, yambani mwalowetsa giya yakutsogolo. Pa maloboti ndi pamzere wa magalimoto pa msewu wa M1 kapena pa mphambano ya Gillooly's ikani neutral m'malo mogwiritsa phazi pa clutch, ndipo dzanja lisamagone pa ndodo ya giya. Ngati mukuganiza zopita nayo kumudzi mu December kudzera ku Beitbridge ndi Tete, ikonzedwe kaye kuno, chifukwa zipangizo za 86 m'njiramo simungazipeze msanga.

Mukayesa zija za injini yozima, injini yolira ndi kupopa clutch, bwerani mutiuze zomwe mwapeza, makilomita omwe galimotoyo yayenda, komanso ngati clutch imagwirira pansi penipeni kapena pamwamba. Ndi zimenezo ndingakuuzeni chomwe makaniko ayambe kutsegula.