Azakhali, za kusechedwa pa bwalo la ndege zija

Azakhali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndingojambula mawu chifukwa nkhaniyi ndi yayitali. Mwafunsa ngati kusecha kwa pa bwalo la ndegeku sikunapyole muyeso, poti anakuvulitsani nsapato, anakulandani mafuta odzola, kenako mayi wachitetezo n'kumakupapasani anthu akuona. Pepani kwambiri. Munthu wamkulu ngati inu kuimitsidwa manja ali m'mwamba pamaso pa ana, zimawawa, ndipo sindikuzichepetsa ayi.

Komatu malamulowa sanangowalota. Za nsapatozo, mu Disembala 2001 munthu wina dzina lake Richard Reid anakwera ndege yochoka ku Paris kupita ku Miami atabisa bomba mu nsapato. Anamugwira ali mkati moyatsa machesi, ndipo anamugwirawo ndi ogwira ntchito m'ndege pamodzi ndi apaulendo anzake. Za mafuta anuwo, mu Ogasiti 2006 apolisi a ku Britain anagwira gulu lomwe linkakonza zophulitsa ndege zowoloka nyanja ya Atlantic ndi mabomba amadzimadzi othiridwa m'mabotolo a zakumwa. Malire a 100 ml a zamadzimadzi za m'chikwama cha m'manja aja anayambira pamenepo. Makina oimamo ounika thupi aja anafala pambuyo pa 25 Disembala 2009, pamene mnyamata wina pa ndege yochoka ku Amsterdam kupita ku Detroit anabisa bomba mu kabudula wamkati, pomwe makina ogwira zitsulo sakanalizindikira.

Ndiye ine kumbali yanga, zoti aunike chikwama changa ndi thupi langa ndimavomera ndi mtima wonse. Basi ikavuta amaimitsa anthu n'kutsika. Ndege ili m'mwamba mulibe kothawira, ndipo muli makanda, muli odwala, muli anthu mazana angapo omwe moyo wawo wadalira kuti pasakhale ngakhale mmodzi walowa ndi choipa.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse zimene amachitazo n'zothandiza. Mu 2015 kunamveka kuti oyendera ntchito a boma la America anayesa kudutsa ndi mabomba ndi zida zongoyerekezera maulendo 70, ndipo maulendo 67 anadutsa osagwidwa. Taganizani! Anthu akutaya mabotolo amadzi pamzere, chikhalirecho chinthu chenichenicho chikudutsa. Aamerika omwewo mu Julayi 2025 anasiya kuuza aliyense kuti avule nsapato, atachita zimenezi zaka pafupifupi 20. Komanso, azakhali, choopsa sichidzera khomo la apaulendo lokha. Ku Mogadishu, m'dziko la Somalia, mu 2016 bomba la mu laputopu linaboola ndege ili m'mwamba, ndipo makamera anaonetsa kuti laputopuyo wophulitsayo anachita kupatsidwa ndi ogwira ntchito pabwalo pomwepo. Chimene chinathandiza zedi chichitikireni zoopsa za pa 11 Seputembala 2001, pamene zigawenga zinalanda ndege ku America, ndi chitseko cholimba cha chipinda cha oyendetsa ndege chomwe masiku ano chimakhala chokhoma, ndiponso apaulendo omwe sakhalanso chete akaona wina akuchita zachilendo.

Tsono pomwe mtima wanga umavutika ndi pena. Kupapasa kuja kumatha m'mphindi ziwiri, mukavala nsapato zatha. Koma mwaona kuti mabwalo ambiri tsopano akujambula nkhope? Umangoima, kamera n'kukuzindikira. Chithunzicho chimapita mu kompyuta, ndipo wapaulendo sauzidwa bwinobwino kuti chikhala kwa nthawi yaitali bwanji, achiona ndani, achipereka kwa ndani. Nambala yachinsinsi ikabedwa mumasintha. Nkhope mungaisinthe? Izi sizichititsa manyazi pamzere, n'chifukwa chake anthu sazidandaula, koma kwa ine n'zolemera kuposa lamba ndi nsapato. China chimene chimandiwawa ndi kusankha. Amati amangotola aliyense mwachisawawa, koma funsani anthu akuda, funsani azimayi ofunda kumutu, funsani okhala ndi pasipoti ya dziko losauka kuti amapatulidwa kangati. Kusecha zimene munthu wanyamula n'chitetezo. Kumusecha chifukwa cha khungu lake kapena chipembedzo chake, kumeneko n'kunyoza, ndipo ine sindingakuikire kumbuyo.

Ndipo kudandaula kumathandiza, musaone ngati mukuvutitsa. Makina ena oyambirira aja ankaonetsa thupi la munthu ngati ali maliseche. Anthu anakana, anachita phokoso, mpaka mu 2013 America inawachotsa m'mabwalo ake. Amene munaimamo inuwo, ngati ndi a masiku anowa, amangoonetsa chithunzi chonga chidole, chofanana kwa aliyense, n'kuika chizindikiro pamalo pomwe pakukayikitsa. Thupi lanu palibe analiona, pamenepo mtima ukhale m'malo.

Ndiye pobwerera muchite chonchi. Mafuta, sopo wamadzi ndi zonunkhiritsa muike m'chikwama chachikulu chomwe mumapereka polembetsa, m'manja mungotenga timabotolo ting'onoting'ono. Mankhwala anu asachoke m'chikwama cha m'manja, akhale m'mapaketi ake, ndipo muwauze msanga asanafunse. Ndalama zachitsulo, makiyi ndi foni muziike mu thireyi, chifukwa nthawi zambiri n'zimene zimachititsa makina kulira mpaka munthu n'kupapasidwa. Akanena kuti akusecheni ndi manja, nenani momasuka kuti mukufuna akusecheni ndi mayi, komanso mupemphe kuti zichitikire m'chipinda osati pagulu. Mabwalo ambiri amalola zimenezi, ndipo ena amalolanso kuti mulowe ndi amene mukuyenda naye. Wina akakulankhulani mwachipongwe, musakangane naye pamzere, mungopempha kuonana ndi mkulu wake.

Mundiuze tsiku lonyamuka, ndidzakuimbirani madzulo ake kuti tilongeze chikwamacho limodzi pa foni. Mupereke moni kwa onse kumeneko.